TISANAMANGE KATUNDU TINAYAMBA TAONA MABULEKI

Abale anga a m'migodi, nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira, m'komponi mumamveka nkhani imodzi yokha, ndiyo ya ulendo wa kumudzi. Wina akufunsa mtengo wa basi, wina akumanga mabokosi, ndipo ena amene anasungako kandalama amasonkherana kugula galimoto yakale kuti apite nayo okha. Ine ndiri mmodzi wa oterewa, ndipo ndifuna kukuuzani zimene ndinaona mu December 2023, pakuti tikadapanda kumvera mkulu wina, kapena lero bwenzi maina athu ali m'buku la ngozi.

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide kumadzulo kwa Johannesburg, ndipo anzanga a pansi amangonditchula kuti mabalani. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekeza pulayimale pa mishoni kwathu, ndipo za magalimoto sindinaphunzirepo. Nchito yanga ndi kulemba mashifiti, masiku a tchuthi ndi malipoti a ngozi. Munthu amene amalemba malipoti otere amadziwa kuti kawirikawiri pamakhala wina amene anaona chizindikiro, koma ananena kuti tidzaona mawa.

GALIMOTO YA ANTHU ANAI

Tinasonkherana anthu anai: malume anga, amene agwira nchito pansi zaka zambiri, anyamata awiri apachibale a ku Mwanza, ndi ine. Tinagula pikiapu yakale, imene kuno amati baki. Mwini wake anali ataitsuka bwino, injini inali kulira mosalala, ndipo malume ataponda mabuleki mwamphamvu, galimoto inaima nji. Tinalipira ndi mtima woyera. Malume ndiwo anali dalaivala, ine ndinali wosunga buku la ndalama.

Tinapangana kunyamuka Lachisanu. Lachitatu madzulo ndinapita ndi malume kutauni kukatenga makina osokera amene anagulira azakhali. Titaima pa maloboti, ndinaona kuti galimoto ikukwawa pang'ono pang'ono kulondola basi imene inali patsogolo pathu, chikhalirecho phazi la malume linali pa mabuleki. Malume anachotsa phazi, naponda kawiri mofulumira, ndipo galimoto inaima.

Ndinafunsa kuti, "Malume, chachitika nchiyani?"

Iwo anaseka nati, "Mphwanga, magalimoto akale amatero. Ukaponda kawiri amamva."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Kuchoka ku Joni kukafika ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete ndi mtunda wopitirira makilomita 1,700, ndipo tinali kukayenda ndi katundu wodzaza mpaka pamwamba. M'mawa ndinawapempha malume kuti tikaonane ndi mkulu wina wa ku Angonia, wolankhula chinenero chathu chomwechi, amene anagwira umakaniko zaka zambiri m'galaja ya mgodi, ndipo atapuma anayamba kukonza magalimoto kuseri kwa nyumba yake. Malume anavomera monyinyirika.

MTIMA WA MABULEKI

Mkuluyo atamva nkhani yathu sanayang'ane mawilo. Anatiuza kuti tiimike galimoto pamalo osatsetsereka, tizimitse injini, tikoke handibuleki. Kenaka anatsegula boneti, naloza pa khoma lachitsulo limene limalekanitsa injini ndi mokhala anthu, kumbali ya dalaivala, moyang'anizana ndi chopondera mabuleki. Pamenepo panali chinthu chakuda chozungulira ngati mbale ziwiri zovundikirana, chimene amati booster, ndipo patsogolo pake panali kachitsulo kotalika ngati chikhato cha munthu, kokhala ndi kabotolo ka pulasitiki pamwamba, ndi timapaipi tachitsulo totuluka m'mbali.

Iye anati, "Mwana wanga, iwe ndiwe wa pensulo, lemba. Aka ndi master cylinder. Phazi likaponda, mau onse amayambira muno. Aka kakanama, mawilo onse anai amva bodza."

Ndinalembadi, ndipo zimene anafotokoza ndi izi. Mkati mwa kachitsuloko muli mphako yosalala ngati galasi, ndipo m'mphakomo mumayenda mapisitoni awiri, wina patsogolo pa mnzake, aliyense atavala timphira tomata bwino ku khoma. Mukaponda, kandodo kachitsulo kamakankha mapisitoniwo, ndipo iwo amakankha mafuta a mabuleki kulowa m'mapaipi mpaka kukafika ku mawilo. Mafuta safinyika, chotero mphamvu ya phazi imakafika yonse, ndipo imachuluka chifukwa mapisitoni a ku mawilo ndi aakulu kuposa a mu master cylinder. Mukachotsa phazi, masipuling'i amabweza mapisitoni, ndipo timabowo tating'ono timatseguka kuti mafuta abwerere m'kabotolo. Booster nchito yake ndi kuthandiza phazi, pakuti injini ikamalira imakoka mpweya m'menemo, ndipo kukokako kumapepuza chopondera.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mfalansa wina, Blaise Pascal, ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1600 kuti mukakankha madzi otsekeredwa, mphamvuyo imafika mbali zonse mofanana. Ku America, galimoto yotchedwa Duesenberg inatuluka ndi mabuleki a mafuta pa mawilo onse anai mu 1921, ndipo kampani ya Ford inasiya mabuleki a nthambo ndi kutengera njira imeneyi mu 1939. Magalimoto a masiku amenewo anali ndi pisitoni mmodzi yekha, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse anali kutha nthawi yomweyo. Nchifukwa chake kumapeto a zaka za m'ma 1960 lamulo la ku America linalamula kuti njira za mafuta zikhale ziwiri, ndipo magalimoto a lero ali otero. Njira imodzi ikafa, inzake imatsala, koma chopondera chimatsika kwambiri ndipo galimoto imaimira patali.

KUONA NDI MASO

Mkuluyo anayamba ndi kupukuta chitsekero cha kabotolo ndi nsanza yoyera asanatsegule, kuti fumbi lisagweremo. Pa kabotolo pali mizere iwiri, wapamwamba wolembedwa MAX ndi wapansi wolembedwa MIN. Mafuta athu anali pamwamba pang'ono pa mzere wapansi.

Malume anati, "Basi achimwene, tingothiramo ena tizipita."

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati mafuta a mabuleki sapsa ngati petulo, ndipo akachepa pali zifukwa ziwiri. Mwina zogwirira za ku mawilo zaperepeseka, choncho mapisitoni a kumeneko atuluka kwambiri ndipo mafuta awatsatira. Kapena pena pake pakudontha. Munthu wongothira osafufuza ali ngati mai wotunga madzi ndi ndowa yobooka. Anatichenjezanso kuti kanyali kofiira ka mabuleki kakayaka kutsogolo kwa dalaivala handibuleki ili yotsitsa, tisamayendetse tisanaone m'kabotolomo.

Kenaka anaviika kapepala koyera m'mafutamo. Mafuta atsopano amakhala oyera mooneka chikasu pang'ono, koma athu anatuluka akuda ngati tiyi wopanda mkaka wokhalitsa pamoto, ndipo munali timadontho takuda. Anati timeneto ndi tizidutswa ta mphira zimene zikutha mkati. Anayang'ananso mphira ya kunsi kwa chitsekero, nati ikakhala yotupa ndi yofewa ngati buledi wonyowa, dziwani kuti wina anathiramo oilo ya injini kapena mafuta ena osayenera, ndipo oilo yotere imaononga mphira zonse za mabuleki. Yathu inali yabwino.

Tsono anayendetsa chala pansi pa kabotolo, pamene kamalowa m'chitsulo, ndi pa manati a timapaipi. Ponse panali pouma. Koma atafika kumbuyo, pamene master cylinder imakumana ndi booster, anandiitana kuti ndione. Penti wakuda anali atasupuka motsetsereka pansi, ndipo panali ponyowa. Mafuta a mabuleki amadya penti, chotero pamene adutsa pamatsala chipsera. Anati mphira ya kumbuyo ikatha, mafuta amathawira mkati mwa booster, ndipo pansi pa galimoto simuona dontho ngakhale limodzi. Pa magalimoto akale opanda booster, amatsikira mkati, kumapazi a dalaivala, choncho muyenera kukweza mkeka ndi kupapasa pamwamba pa chopondera.

KUFUNSA NDI PHAZI

Atatha izi, anawakhazika malume pa mpando wa dalaivala, injini ili chizimire. Anawauza kuti aponde kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka chopondera chiume, kuti thandizo la booster lithe. Kenaka anati, "Tsopano pondani mwamphamvu." Malume anaponda, chopondera chinaima gwa.

"Mwaona?" anatero malume. "Akugwira."

"Chotsani phazi. Tsono pondaninso, koma mofatsa, monga mumachitira pa maloboti, ndipo musachotse mpaka mnyamatayu atawerenga mphindi imodzi."

Ine ndinayang'ana pa wochi. Masekondi khumi asanathe, bondo la malume linayamba kuwongoka. Iwo sanali kuonjeza mphamvu, koma chopondera chinali kumira pang'ono pang'ono ngati phazi m'matope a m'dambo, ndipo theka la mphindi lisanakwane chinali chitafika pansi. Malume anangoti chete.

Mkuluyo anafanizira ndi pampu ya njinga. Chikopa chake chikatha, mukapopa mofulumira mpweya umalowabe m'tayala, pakuti liwirolo limatambasula chikopa; koma mukakankha mofatsa, mpweya umazemba m'mbali ndipo dzanja limangotsika. Mphira za master cylinder zimachita chimodzimodzi. Kuponda kwa ukali kumazitambasula, zimamata ku khoma. Kuponda kofatsa kumalola mafuta kudutsa m'mbali ndi kubwerera m'kabotolo. Nchifukwa chake tsiku logula sitinaone kanthu, pakuti tinayesa mwaukali. Koma potsika phiri lalitali munthu amaponda mofatsa kwa nthawi yaitali, ndipo mpomwe amatha.

Malume anayesa kukana kachiwiri, nati mwina ndi mpweya chabe umene walowa m'mapaipi. Mkuluyo anati matenda awiriwa ndi osiyana. Mukakhala mpweya, chopondera chimafewa ngati siponji, chifukwa mpweya umafinyika, koma chikafika pamene chafika chimaima pomwepo. Chikamamira phazi lili chigwirire, ndiye kuti mafuta akuthawa, kunja kapena mkati. Kuti malume akhutire, anagona pansi ndi tochi nayang'ana kuseri kwa mawilo onse anai, ndi mapaipi a mphira, ndi achitsulo mpaka kumbuyo. Konse kunali kouma. Kenaka anamasula timapaipi pa master cylinder, natseka mabowo ake ndi tizitsekero tachitsulo tamazinga ofanana. Anati ikakhala yabwino, chopondera chiuma pamwamba pomwe ngati mwala, pakuti mafuta alibe kolowera. Malume anaponda mofatsa, ndipo chinamiranso. Mlandu unathera pamenepo.

Anationetsanso mayeso ena awiri. Loyamba: mutaumitsa chopondera, gwirani ndi phazi ndi kuliza injini, chikatsika pang'ono, booster ili moyo. Lachiwiri: gwirani chopondera ndi dzanja, chiyenera kusewera pang'ono chisanayambe kukankha. Chikapanda kusewera, pisitoni sabwerera mokwanira, kabowo kobwezera mafuta kamakhala kotseka, ndipo mabuleki amagwira okha mpaka mawilo kutentha.

MKANGANO WA NDALAMA

Apa mpamene panavuta. M'buku langa munatsala ndalama za petulo ndi za pa zipata zokha. Chitsulo chatsopano chinali choti aitanitse, ndipo chikanafika Lolemba. Anyamata a ku Mwanza anapsa mtima, pakuti mlongo wao anali kukwatiwa ndipo anafuna kukafika msanga. Wamkulu anati, "Amabalani, inu mwazolowera mantha a mu ofesi. Tingogula botolo la mafuta, tizithira m'njira." Wamng'ono anaonjeza kuti anamva kuti mafuta akatha, madzi a sopo amagwira nchito.

Mkuluyo anaika sipanala pansi. Anati madzi amawira pa madigiri 100, pamene mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 sayenera kuwira asanafike pa 205, ndipo a DOT 4 pa 230. Koma mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa madzi osakwana magawo anai pa 100 alionse, malire amene amaloledwa amatsika kufika pa 140 ndi 155. Mabuleki akatentha potsika phiri, mafuta okalamba amawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo phazi limapita pansi popanda chenjezo. Madzi omwewo ndiwo amachititsa dzimbiri mkati. Nchifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafuta onse pa zaka ziwiri zirizonse, ndi kugula botolo losatsegula. Mtundu woyenera umalembedwa pa chitsekero. DOT 3 ndi DOT 4 ndi apachibale, koma DOT 5 ndi wa mtundu wina ndipo sasakanizidwa nawo.

Kenaka anatembenukira kwa malume nati, "Achimwene, inu mwakhala pansi zaka zambiri. Mukagogoda denga ndi chitsulo, nilimveka ngati ng'oma, mumalowetsa anyamata pansi pake chifukwa ndi Lachisanu?"

Malume anakhala kanthawi osayankha. Pambuyo pake analowa m'galimoto, natulutsa wailesi yaikulu imene anagula kuti akaimbire pa Khirisimasi, nandipatsa kuti ndikaigulitse kukomponi. Anati, "Mphwanga, mai ako anandipatsa iwe uli wamoyo. Kuthamanga sikufika." Anyamata aja anachita manyazi, ndipo aliyense anaonjezapo pang'ono.

ZIMENE TINAPEZA MKATI

Lolemba mkuluyo anamasula manati awiri, nasolola master cylinder yakale. Kumbuyo kwake kunali konyowa, ndipo atalowetsa kapaipi mu booster anakokamo mafuta akuda okwana masupuni angapo. Ataiphwasula pa tebulo, anandiuza kuti ndisuzumire m'mphako ndi tochi. Pansi pake panali timaenje ta dzimbiri ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba, ndipo milomo ya timphira inali yoperepeseka. Anati mphako ikakhala yosalala, munthu angathe kusintha mphira zokha. Koma ikachita timaenje, mphira zatsopano zimang'ambika msanga, ndipo kuli bwino kugula chitsulo chonse.

Yatsopanoyo sanaimange nthawi yomweyo. Anaigwira m'chopanira, nathira mafuta, nalumikiza timapaipi tobwerera m'kabotolo, nakankha pisitoni pang'ono pang'ono mpaka thovu lonse linatha. Atamanga, tinachotsa mpweya pa wilo lirilonse, kuyambira la kutali ndi master cylinder, ine ndikuponda, iye akutsegula ndi kutseka, mpaka mafuta oyera anatuluka. Anati magalimoto ena, makamaka okhala ndi ABS, ali ndi dongosolo lao, choncho buku la galimotoyo liyenera kutsatidwa. Anatinso pochotsa mpweya ndi master cylinder yakale, muziika kathabwa pansi pa chopondera kuti chisafike pansi, pakuti mphira zikafika kumene sizifika masiku onse zimakumana ndi dzimbiri ndi kung'ambika. Mafuta atagwera pa penti anatsuka ndi madzi msanga, ndipo anatiuza kusamba m'manja, chifukwa ndi poizoni.

Malume anapondanso mofatsa, ine ndikuwerenga. Mphindi yonse inatha, bondo lao losasuntha.

PA PHIRI

Tinanyamuka Lachiwiri m'bandakucha. Amene munayendapo mseu wa N1 mukudziwa kuti mukapitirira Louis Trichardt mumakwera mapiri a Soutpansberg, kenaka mumatsika mokhotakhota, kudutsa m'mphanga ziwiri zoboola phiri, kulowera ku Musina. Malume anatsika pa giya yaing'ono monga anawalangizira mkulu uja, kuti injini ithandize mabuleki. Pa khona lina tinapeza malole ataima pamzere, ndipo tinayenera kuima pamtsetse, phazi lili pa chopondera, kwa nthawi yaitali ndithu, ndi katundu yense kumsana kwathu. Galimoto siinasunthe. M'galimotomo munalibe wolankhula, koma mnyamata wa madzi a sopo uja anandigwira paphewa.

Ku Mwanza tinafika ukwati utatsala tsiku limodzi. Khirisimasi tinadya popanda wailesi, koma azakhali analandira makina ao kuchokera m'manja mwa mwamuna wao.

MAU OTSIRIZA

Tsono abale, inu amene mukukonza ulendo, chitani izi sabata ziwiri musananyamuke, kuti mpata wokonza ukhalepo. Onani mafuta ngati ali pakati pa mizere iwiri, ndipo akachepa funsani kumene apita. Onani maonekedwe ake. Papasani pansi pa kabotolo, pa manati, ndi pamene master cylinder imakumana ndi booster. Suzumirani kuseri kwa mawilo. Koposa zonse, pondani mofatsa ndi kugwira mphindi imodzi. Chopondera chikamira, galimoto imeneyo isalowe mu mseu mpaka makaniko wodziwa ataikonza. Pogula galimoto yakale yesani chimodzimodzi musanatulutse ndalama.

Mabuleki akakuthawani muli pa liwiro, pondani mobwereza mofulumira, tsitsani magiya imodzi imodzi, ndipo kokani handibuleki pang'ono pang'ono, osati mwadzidzidzi. Koma nzeru imeneyi ndi ya pa tsoka, siyoyendera dala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tagwira nchito chaka chathunthu mu mdima kuti ana adye ndi kupita ku sukulu; mphindi imodzi ya pa chopondera isatikanike. Yendani bwino, mukapereke moni kumudzi, ndipo mu January ndifuna kudzalemba maina anu onse m'buku la obwerera.